Chulu Kuseri kwa Bedi

Edita atakoka sutikesi kunsi kwa bedi, chogwirira chinangotsalira m'manja mwake. Anagwada n'kuikumbatira ndi manja onse awiri, koma poinyamula, kunsi kwake kunatsalira pasimenti. Zovala zinakhuthuka zitasakanikirana ndi dothi lonyowa, ndipo tizilombo toyera tinayamba kubalalika kuthawa kuwala.

Chimene ankafuna m'mawa wa Lachitatu umenewo chinali kalata ya ubatizo ya mwana wake, Tiyamike. Akatekisiti anali atanena kuti mwana aliyense wofuna kulandira Ukaristia woyamba abwere nayo Loweruka. Kalatayo anaipeza, koma inali itangotsala kangodya kokhala ndi theka la chidindo cha parishi. Kalata ya ukwati, yomwe inali mu envulopu yomweyo, inali itasanduka dothi. Malaya oyera amene mwamuna wake, Philemon Miti, anavala tsiku la ukwati anali atangotsala kolala ndi mabatani. Koma madiresi ake awiri a nayiloni, amene anali pansi penipeni, anali osakhudzidwa.

Anakankha bedi kulichotsa kukhoma. Kuseri kwake, pangodya, panali patamera kachulu kofika m'bondo, konyowa pamwamba ngati kangoumbidwa kumene. Kuchokera pamenepo, tinjira tinayi tadothi tinakwera khoma mpaka kukalowa m'siling'i.

Tinjira totere Edita sikanali koyamba kutiona. Chiyambire mwezi wa Ogasiti ankatipala ndi mpeni pafelemu ya chitseko ndi kuseri kwa kabati, n'kuthirapo phulusa, nthawi zina palafini. Pakapita masiku awiri tinkabwereranso. Akauza Philemon, iye ankangoti nyumba zonse za ku Kapata zili ndi chiswe, adzaona akapeza mpata. Kenako mu Seputembala minibasi imene Philemon ankayendetsa inaphulika tayala pamsewu wa ku Lundazi n'kugubuduzika, iye n'kuthyoka mwendo. Za chiswe zinaiwalika. Edita ankalawirira kumsika kukagulitsa tomato ndi kapenta, masana n'kuthamangira kunyumba kudzasamalira wodwala.

"Mlamu, mwangoti zii kumeneko, kwagwanji?"

Anali a Ketilina, mlongo wake wamkulu wa Philemon, amene anabwera Lolemba kuchokera ku Kasenengwa kudzazonda matenda. Makolo awo atamwalira, ndi iwo amene analera Philemon, ndipo pamene ankamanga nyumbayi anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zolimira kuti m'bale wawo afolere ndi malata. Mawu awo m'nyumba imeneyo ankalemera.

Ataona kachuluko anaika tsache pansi n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Kenako anawerama n'kuyamba kutola zinthuzo chimodzichimodzi: kolala, kangodya ka kalata, diresi.

"Chiswe chake n'chophunzira ichi," anatero. "Chaona malaya a Philemon, chadya. Chawerenga kalata ya ukwati, chadya. Chafika pamadiresi anu, chagwada n'kupereka ulemu."

Edita anayesa kuseka, koma ataona nkhope ya mlamu wake kusekako kunathera pomwepo.

Philemon anabwera akutsimphina ndi ndodo zake ziwiri. Anaima pakhomo la chipinda n'kuyang'ana pangodyapo nthawi yaitali. Edita anaona thukuta likutuluka pamphumi pa mwamunayo, chonsecho kunja kunali mitambo.

A Ketilina anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, ngati pamaliro. Anati chibadwire sanaonepo chulu chikumera m'chipinda chogona anthu popanda wochiitana. Anatchula ngozi ya minibasi. Anatchula mimba ya Edita imene inapita padera chaka chatha. Anati zinthu zikamabwera motsogozana chonchi ndiye kuti pansi pa bedi pali chimene munthu anakwirira, ndipo m'chipinda cha banja mumalowa anthu awiri okha. Mmodzi mwa awiriwo, anatero, ndi uyu wathyoka mwendoyu.

Edita anatembenukira kwa mwamuna wake kudikira kuti alankhule. Zaka zisanu ndi zinayi anali atakhala naye, ndipo ankadziwa kuti Philemon za mankhwala okwirira sazikhulupirira. Ankaseka anzake omangirira zithumwa pachiwongolero.

"Asisi, tiyeni tikambe bwinobwino," ndi zokhazo zimene Philemon ananena, maso ali pansi.

Masana asanakwane a Ketilina anali ataimbira kale foni amalume awo, a Jere, ku Kasenengwa. Anagwirizana kuti Lamulungu Misa ikatha a Jere adzabwere ndi munthu wina wodziwa kuona zobisika. Kufikira tsikulo, anatero a Ketilina, pasapezeke wokhudza chulucho kapena wosuntha kanthu m'chipindamo. Anawonjezera kuti mwina zikanakhala bwino mlamu akanapita kaye kwawo ku Katete kukapumako.

Edita anatuluka m'chipindamo. Anamanga chitenje, n'kunyamula beseni la tomato kupita kumsika. Tsiku lonselo ankabweza chenji molakwitsa.

Madzulo, akuthandiza Philemon kusamba kubafa, anamufunsa chifukwa chake anakhala chete.

"Khoswe wakhala pamkhate, amake Tiya. Asisi mukuwadziwa. Asiyeni alankhule, atopa okha."

"Atopa atamaliza dzina langa. Inuyo mukukhulupirira kuti ndinakwirira kanthu?"

Philemon anati sakukhulupirira. Edita anamuuza kuti ndiye akanene zimenezo pamaso pa mlongo wake. Philemon anati akanena, koma chakudya chamadzulo chinadyedwa mpaka mbale kutsukidwa iye osatsegula pakamwa.

Kutacha Lachinayi, nkhani inali itadumpha kale mpanda. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene tsiku lililonse ankasiya makiyi kwa Edita, anadutsa nawo makiyiwo m'manja akuyang'ana kumbali. Pampopi, azimayi awiri anasiya kucheza Edita atafika. Apa m'pamene anaona kuti akadikira Lamulungu, munthu wa a Jereyo adzangobwera kudzasindikiza chimene anthu agamula kale.

Anasiya tomato m'manja mwa mnzake n'kuzungulira kuseri kwa msika, kumene kunali shedi ya a Fulansisi Shawa. A Shawa anali kalipentala wachikulire, wa mphakati umodzi ndi Edita kutchalitchi, ndipo madenga ambiri a ku Kapata anakhoma ndi iwo. Anamvetsera akupala thabwa. Edita atatchula za madiresi, anaimitsa ntchito n'kufunsa kuti anali a nsalu yanji. Atamva kuti nayiloni, anapukusa mutu, n'kutenga hamala, tochi ndi msomali wautali, n'kuuza Edita kuti atsogole.

A Ketilina anawatsekera pakhomo. Anati m'chipindamo simulowa munthu kufikira amalume atabwera.

"Chulu chanucho sindichikhudza, amayi," anatero a Shawa. "Ine ndimacheza ndi mitengo basi. Ndangobwera kudzaifunsa mmene yadzukira."

Philemon anali atakhala pampando pabalaza, mwendo wa pulasitala uli pasitulo. Ananena motsitsa kuti alowe.

A Shawa anayambira pafelemu ya chitseko cha kuchipinda. Inkaoneka yabwinobwino, utoto wake wobiriwira uli phuliphuli. Anagogoda ndi chogwirira cha hamala kuyambira pamwamba kutsika. Pamwamba inkalira molimba, koma pofika pakati inayamba kulira ngati chigubu chopanda madzi. Anaikapo chala chachikulu n'kukanikiza, chala n'kulowa. M'kati munalibe mtengo; munali timizere topyapyala ngati mapepala, todzaza ndi dothi. A Shawa anafotokoza kuti chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu, chifukwa chimadana ndi kuwala ndiponso mphepo. Tinjira tadothi tija ndi misewu yake yofolera, yochokera pansi kupita kumene kuli chakudya. Kupala tinjirato, anatero, n'chimodzimodzi kusesa mapazi a mbala uku mbalayo ili m'nyumba.

A Ketilina anati nawonso ndi munthu wamkulu, mitengo yofumbwa aionapo. A Shawa anavomera mwaulemu, koma anati mtengo wofumbwa umagwetsa ufa woyera, pamene uwu ukugwetsa dothi, ndipo dothi silichokera kumwamba.

Atatero anatola diresi limodzi pamulu wa zovala zija n'kulitambasula.

"Ichi n'chipulasitiki, amayi. Chiswe chimadya thonje, mapepala ndi mitengo. Mukanaika diresi la thonje la amayiwa ndi jekete ya nayiloni ya abambowa, lero bwenzi mukuti okwirira mankhwala ndi abambowa."

"Amene anachituma anadziwanso zimenezo," anayankha a Ketilina.

A Shawa sanalimbane nawo. Anabwereka makwerero kwa aneba n'kulowa m'siling'i kudzera pakabowo ka pakhonde lam'kati. Anakhalamo nthawi yaitali. Pansi ankangomva kugogoda, kenako zii, kenako kugogodanso. Potsika, zigongono ndi mawondo zinali dothi lokhalokha, ndipo nthabwala zinali zitawathera.

Anaika patebulo chidutswa cha thabwa chotalika ngati mkono n'kuuza Philemon kuti achinyamule. Chinali chopepuka ngati phesi la chimanga. Anati anachithyola ndi dzanja pathabwa lalikulu limene lanyamula mapaso pamwamba pa zipinda ziwiri zogona. Msomali uja, anatero, unkalowa wonse popanda hamala. Mbali imeneyo denga laimira misomali ya malata basi. Anati mabedi onse atuluke tsiku lomwelo, anthu azigona pabalaza, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba siipempha chilolezo.

A Ketilina anati palibe chotuluka. Kusuntha zinthu n'kufafaniza umboni, ndipo mwina n'chifukwa chake kalipentalayo waitanidwa.

A Shawa analowanso kuchipinda n'kuyamba kugogoda simenti ya pansi, kuchokera pakhomo kulowera kungodya. Pafupi ndi bedi simenti inalira ngati ng'oma. Anatsata kulirako mpaka kuchipinda cha Tiyamike, kumene a Ketilina ankagonanso. Kumeneko anapeza mng'alu wopyapyala, m'mbali mwake muli timibulu tadothi latsopano. Atatokosa ndi msomali panatuluka agang'a, asilikali a chiswe a mitu yofiira, mano ali yasa.

Anabwerera pabalaza n'kuima patsogolo pa Philemon.

"A Miti, musanamange, pamalo pano panali chiyani?"

"Munda," anayankha Philemon. "Munda wa chimanga."

"Chitsa chachikulu panalibe? Kapena chulu?"

"Munda basi."

A Shawa anamuyang'ana kanthawi, kenako anati iwo thabwa latsopano sangakhome asanadziwe kumene chiswecho chikuchokera, chifukwa kutero n'kuchipakulira chakudya. Anapempha kuti aswe simenti pangodya paja aone pansi. Philemon anakana msanga, mawu ake n'kukwera mosayembekezeka. Anati nyumba ndi yake, simenti yake siiswedwa ndi munthu. A Ketilina anagwedeza mutu mokhutira, poganiza kuti m'bale wawo wayamba kumva.

Edita anaperekeza a Shawa. Atafika kuseri kwa nyumba, kumene khoma linali losapaka pulasitala, mkuluyo anaima n'kukanda njerwa ndi msomali. Inali yolimba, yofiira moderako. Anati njerwa zotere zimachokera ku dothi la pachulu, ndipo ndi zabwino kuposa zonse. Kenako anayang'ana uku ndi uku pabwalo n'kufunsa kuti dzenje limene anakumbamo dothi la njerwazo lili kuti.

Edita anati palibe dzenje. Pamene nyumbayo inkamangidwa iye anali ku Katete kwa mayi ake, ali ndi pakati pa Tiyamike. Anabwera ndi khanda n'kupeza nyumba yofolera kale, bwalo lili see. Ankanyadira kuti pawo palibe chidzenje chosunga madzi ndi udzudzu ngati kwa anzawo. Philemon anamuuza kuti njerwa anaumbira pomwepo n'kuwotchera pomwepo.

Anasiya kulankhula chifukwa anali atadzimva yekha.

A Shawa anaika msomali m'thumba. Anati iwo sanalipo, sanganene zimene sanaone. Chimene akudziwa n'chakuti munthu akagumula chulu n'kusalaza pamwamba, wagumula denga lokha. Mudzi wonse wa chiswe umatsala pansi, pamodzi ndi manthu, mayi woikira mazira usiku ndi usana. Ukamangapo nyumba osamukumba, osathira mankhwala m'maziko, chiswe chimadikira. Chikhoza kudikira zaka. Anabwerezanso kuti mwana asagone m'chipinda chija, n'kunyamuka.

Edita anatsala ataima kuseri kwa nyumba.  Sichinali chulucho chimene chinkamuwawa. Ankaona nkhope ya Philemon dzulo lake pakhomo la chipinda, thukuta lija pamphumi, maso aja pansi. Munthuyo anadziwa nthawi yomweyo. Anamva mlongo wake akutchula mimba yopita padera, n'kukhala chete.

Sanalowe nthawi yomweyo kukamufunsa. Anaopa zimene zikanatuluka m'kamwa mwake. Anapita kukatenga Tiyamike kusukulu, n'kudzera kumsika kukalongedza tomato. Mwanayo m'njira anafunsa ngati n'zoona kuti iwo amaweta chiswe, chifukwa anzake amuuza choncho. Edita anati si zoona, n'kumugwira dzanja mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula.

Cha m'ma folo koloko kumwamba kunada kuchokera kumapiri a kum'mawa. Mphepo inayamba ndi kuulutsa mapepala ndi fumbi, kenako mvula inagwa yamphamvu, yoyamba yeniyeni ya chaka chimenecho. Malata ankalira mpaka anthu osamvana. Edita anatulutsa matiresi a mwana kupita nawo pabalaza. A Ketilina anawagwira mbali inayo, awiriwo n'kumakokana pakhomo mpaka a Ketilina anataya.

Mvula itayamba kuchepa, dzuwa lili pafupi kulowa, Edita anali kukhitchini akukoleza mbaula. Anamva Tiyamike akuseka kwinakwake m'nyumba, akuitana kuti abweretse beseni lalikulu, inswa zatuluka.

Inswa zimatuluka kuchulu, panja. Edita anataya makala n'kuthamanga.

Mwanayo anali atagwada pakati pa chipinda chake, kambale m'manja. Inswa zinkatuluka pamng'alu wa simenti uja ngati utsi, mazanamazana, zikuuluka kulowera kuwindo, mapiko akuyoyoka pabedi ndi m'tsitsi la mwanayo. Pamwamba pake siling'i inali itafufuma ngati mimba, madzi amatope akudontha pakati. Mphepo itawombanso, kumwambako kunalira ngati nsungwi ikuthyoka.

Edita anagwira mwanayo pamkono n'kumukokera pakhomo, kambale n'kugwa. Anali asanafike n'komwe pabalaza pamene siling'i inagwa. Inagwera pabedi la a Ketilina ndi pamene mwana anagwada paja, pamodzi ndi matope ndi zidutswa za matabwa. Thabwa lalikulu lija linathyokera pakhoma, mutu wake n'kutsika kudzatsamira pakabati. Malata awiri anapindikira m'kati, ndipo mvula inayamba kugwera m'chipindamo.

Tiyamike analira, koma analibe bala. A Ketilina anamulanda m'manja mwa mayi ake n'kuyamba kumupapasa mutu ndi msana, akutchula Maria Woyera. Philemon anali ataimirira ndi ndodo imodzi, inayo itagwa.

Edita anapukuta matope kumaso ndi chitenje. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Atate ake Tiya, uzani asisi anu. Dothi la njerwa za nyumba ino munalikumba pati?"

Philemon anayang'ana mwana wake, kenako chitseko cha chipinda chimene munkatuluka madzi ofiira. Anakhala pansi mwapang'onopang'ono.

Anati panali chulu. Chinali chachikulu, chotalika kuposa munthu, pakati penipeni pa puloti, n'chifukwa chake anthu ena ankaikana. Iye anaona kuti wapeza njerwa zaulere. Anachigumula ndi anyamata aganyu, n'kuumba njerwa, n'kusalaza. Womanga anamuuza kuti akumbe kaye mpaka apeze manthu, athire mankhwala m'maziko, adikire ngakhale mwezi. Koma mwana anali pafupi kubadwa, mvula inali pafupi, ndipo iye anali atalonjeza apongozi ake kuti mkazi wake sadzabwerera m'nyumba ya lendi. Anathira oyilo wakuda wa galimoto m'maenje n'kuuza womangayo kuti apitirize. Zipinda zogona zinakhala pamwamba penipeni pa chulucho.

A Ketilina anamutsitsa mwana pansi. Anafunsa ngati akunena kuti malata a ng'ombe zawo anafolera chulu. Philemon anavomera ndi mutu. Anati n'chifukwa chake analephera kunena; ankaopa kuti adzawayang'ana bwanji.

"Munaopa kuyang'ana asisi anu," anatero Edita. "Ine munkandiyang'ana bwinobwino. Dzulo ndikukusambitsani munkandiyang'ana."



A Ketilina anayamba kumukalipira m'bale wawo. Anamukumbutsa mayina a ng'ombe zija, ndi zaka ziwiri zimene analima ndi khasu lamanja. Anati safunsa anadya phula, koma iyeyu anachita kuuzidwa n'kudyabe. Anakalipa mpaka mawu anasasa. Kwa Edita sananene kanthu. Koma pamene Edita anayamba kukolopa madzi pakhonde lam'kati, a Ketilina anatenga chiguduli china n'kugwada pambali pake. Tsiku limenelo onse anagona pabalaza, mabeseni ali m'zipinda.

M'mawa wa Lachisanu a Shawa anabwera ndi amuna awiri, mapiki ndi lona wofundika padenga. Philemon anawauza yekha kuti aswe paliponse pamene akufuna. Simenti itachoka, pansi panaoneka mapanga olowerera, ena otha kulowa mkono wonse, odzaza ndi zisa zotuwa zonga siponji. Chiswe chinali nyakanyaka. Aneba anadzaza pawindo ndi pakhomo, ndipo Edita sanawathamangitse. Anatsegula makatani onse kuti aone bwino.

Anakumba mpaka dzenje linafika m'chiuno. Cha kumasana mmodzi wa amunawo anatulutsa chibuma cholimba ngati mtondo waung'ono. A Shawa anachiswa ndi hamala pakhonde. M'kati munali manthu, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu cha kumwendo koma wotalika kuwirikiza katatu, mimba ikugunda pang'onopang'ono. A Shawa anamuika pafosholo n'kupita naye kwa a Ketilina.

"Amene anakwirira kanthu pansi pa bedi ndi awa, amayi. Mukafuna kuwafunsa mafunso, afunseni nkhuku zisanawaone."

Anthu anaseka. A Ketilina anayang'anitsitsa chinthucho, kenako anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

A Shawa anafotokozera Philemon ntchito imene inatsala: kukumba ngalande kuzungulira nyumba yonse n'kuthiramo mankhwala, kuthiranso m'dzenjemo asanakwirire, kuchotsa thabwa lililonse lolira ngati chigubu, kukhoma matabwa onyikidwa m'mankhwala. Anati nkhuni zimene zinaunjikidwa kukhoma zichoke, ndiponso madzi a kubafa asamayende m'mbali mwa maziko, chifukwa chiswe chimakonda chinyontho. Zonse zikayenda bwino, anatero, ndi milungu itatu.

Edita anamva zonsezo ali kukhitchini, akulongedza. Anaika m'chikwama yunifolomu ya Tiyamike, mabuku ake, zitenje zitatu ndi sikelo yake ya kumsika. Anali ataimbira mkulu wake Lusiya, wa ku Mchini, ndipo Lusiya anati abwere, malo alipo.

A Ketilina anamupeza akumanga chikwamacho. Anaima pakhomo kanthawi, akupotokola nsonga ya chitenje chawo.

"Mlamu, pakamwa panga panathamanga."

"Panathamanga, alamu. Panafika mpaka kusukulu kwa mwana."

A Ketilina anati akhala kufikira denga litatha, aziphikira Philemon ndi amisiri, ndipo kwa aneba apita okha khomo ndi khomo. Edita anathokoza. Anawaonetsa pamene pali ufa, mchere ndi mapiritsi a wodwala, n'kuwauza maola omwetsera.

Philemon anali pakhonde, ndodo zili pamiyendo. Ataona chikwama anayesa kuimirira. Anati pabalaza akwanapo onse, palibe chifukwa chochokera. Edita anati mwana sangagone m'nyumba ya mankhwala ndi dzenje, ndipo iyenso akufuna kugona malo amene sakumvetsera kudenga. Anamuuza kuti amalume a ku Kasenengwa akudikirabe Lamulungu ndi munthu wawo uja, ndipo mudzi wonse kumeneko ukudziwa kuti mkazi wa Philemon anakwirira mankhwala. Nkhani imeneyo, anatero, sakaitsuka ndi a Ketilina kapena a Shawa. Anatenga foni pawindo n'kumuikira m'manja.

"Mubwera liti?" anafunsa Philemon.

"Denga a Shawa ati milungu itatu. Zinazo sindinadziwe."

Anasenza chikwama n'kugwira Tiyamike padzanja. Anadutsa pakati pa milu ya dothi lofiira ndi matabwa odyeka amene amisiri ankaponya pabwalo. Mayi woyandikana nawo uja anamupatsa moni mokweza, Edita n'kuyankha osaima. Ali pageti anamva kumbuyo mawu a Philemon, osasa, akupereka moni kwa amalume. Panapita kanthawi, kenako anamumva akunena kuti Lamulungu asavutike kubwera, pali nkhani imene iye akufuna kufotokoza kuyambira pachiyambi.

Edita anatseka geti n'kuimitsa njinga ziwiri zonyamula anthu. Anakweza mwana pa yoyamba, n'kuuza woyendetsa kuti ayende pang'onopang'ono, msewu uli ndi matope.